Milomo ya Mlongoti

Aphunzitsi anali kuseri kwa nyumba akuthirira tomato pamene mayi wa ku laibulale anafika. Anamva akazi awo akumulandira, anamva mipando ikukokedwa, kenako anamva dzina limene linali lisanatchulidwe m'nyumba mwawo kwa zaka zambiri. Anatula ndowa pansi, madzi n'kutayikira pa nsapato.

"Loweruka masana, mu holo ya sukulu," ankatero mayiyo. "Tidzaonetsa mafilimu onse awiri, yakale ndi yatsopanoyi. Akatha, inu amayi ndi a Kalipentala mudzakhale kutsogolo, anthu amve kwa eni ake kuti yabwino ndi iti."

Mafilimu awiriwo anachokera m'buku limodzi, buku limene aliyense wopita kusukulu analiwerengapo, kufuna kapena kusafuna. Anthu ankangoliti buku la mlatho. Nkhani yake ndi ya kalipentala wosauka amene anakonda mwana wa mwini sitolo, koma n'kuchoka kupita kutali kukasaka ntchito. Awiriwo amatsanzikana pa mlatho. Filimu yoyamba inajambulidwa kalekale, Aphunzitsi asanakwatire, ndipo mtsikana wa pa mlathoyo anali akazi awo omwewa. Kalipentala anali mnyamata wina wamtali, dalaivala wa lole, amene chibadwire sanagwirepo sowo. Mpaka lero anthu amamuti a Kalipentala. Aphunzitsi okha ndi amene ankamuti Mlongoti.

Panali china chimene anthu sankachidziwa. Pojambula filimu yakaleyo, madzi a pansi pa mlatho ankasokosera kwambiri, moti mawu onse anayenera kujambulidwanso pambuyo pake, m'kachipinda kokhomedwa mabulangete m'makoma. M'menemo ndi mmene zinaonekera kuti Mlongoti, ndi kutalika kwake konse, anali ndi kaliwu konga ka mwana wa mbuzi. Mkulu wa filimuyo anagwira mutu. Tsiku lina akudutsa pa sukulu anamva pa windo mphunzitsi wachinyamata akuwerengera ana buku lomwelo, ndipo anaima pomwepo mpaka belu linalira. Mphunzitsiyo anali wamfupi, wamakutu aakulu. Anamutenga n'kukamuimika m'kachipinda kaja, maso pa chinsalu, kuti aziyang'ana milomo ya Mlongoti n'kumaikamo mawu ake. Milomo ikatseguka, iye ayambe. Ikatsekeka, iye akhale atamaliza. Mtsikana uja ankabwera kudzanena mawu ake omwe, ndipo popeza chimkuzamawu chinali chimodzi, awiriwo ankaima mogundana mapewa. Ukwati unayambira pamenepo.

Mkulu wa filimu anawapempha kuti asauze munthu, poopa kuti anthu akadziwa, kukoma konse kutha. Aphunzitsi anavomera, ndipo anasunga lonjezolo ngakhale mkuluyo atamwalira. Chimene sanathe kuchimeza chinali china. Pa mlatho paja, kalipentala akutsanzika, mtsikanayo amamuyang'ana ndi maso ena ake, maso onga a munthu amene akuona nyumba yake ikupita ndi madzi. Maso amenewo anajambulidwa Aphunzitsi asanakumane naye. Ndipo m'zaka zonse za ukwati wawo, iwo anali asanayang'anidwepo choncho.

Mlendo atapita, analowa m'nyumba akupukuta manja pa buluku.

"Mwavomera?"

"Nanga ndikanakana chifukwa chani, abambo?"

"Bondo lanu lija. Mipando ya mu holo ija ndi youma."

"Bondo langa mwalikumbukira lero? Dzulo ndinakoka thumba la makala kuchokera ku geti, inu mukuwerenga nyuzi."

Aphunzitsi anakhala pa mpando wawo wa pa windo. Anatenga nyuzipepala, n'kuibweza pomwepo.

"Mukakhala naye benchi limodzi?"

"Kaya. Mwina adzandiika pa miyendo pake."

"Sindikuseka, amayi."

"Inenso ayi. Munthu uja ndinamuona komaliza mwana wathu asanayambe kuyenda. Panopa mwanayo akubaya anthu jakisoni. Mukuopa chani?"

Aphunzitsi anatuluka kukamaliza kuthirira, ndipo tomato wa tsiku limenelo anamwa madzi ngati mpunga.

Lachinayi masana mwana wawo wamkazi, namwino, anabwera ndi kompyuta yake ataikamo mafilimu onse awiri. Anati amayi ake ayenera kuonera yatsopanoyo asanakaime pamaso pa anthu. Anatseka makatani, n'kuika kompyutayo pa tebulo pakati pa shuga ndi makapu a tiyi.

Anayamba ndi yatsopano. Inali yowala, yamitundu, nyimbo zake zolira ngati za m'tchalitchi chachikulu. Aphunzitsi anaisangalalira isanayambe n'komwe.

"Mwaona? Kalipentala uyu akudziwa kugwira hamala. Winayo ankaigwira ngati akupha njoka."

"Sitolo yanji yopanda fumbi?" anatero akazi awo. "Taonani mashelefu. Mwini sitolo ameneyu amagulitsa kapena amangopukuta?"

"Ndi ukhondo umenewo."

"Ndipo mtsikanayu zikhadabo zimenezi amapimira nazo mchere?"

"Mtsikanayu akutha," anatero Aphunzitsi, akutsamira bwino. "Taonani kayendedwe. Taonani khosi. Ameneyu ndiye wa m'buku weniweni, amene wolemba ankamuona m'maganizo."

Akazi awo anaika kapu pa mbale mwamphamvu pang'ono. "Khosi mwalionera pati, inu amene simuona batani la malaya anu likagwa?"

Namwino anaseka mpaka kutsamwa. "Adadi, samalani. Mugona ndi njala."

Filimuyo itafika pa mlatho, kalipentala watsopanoyo ananena mawu aja amene aliyense amawadziwa, anatembenuka, n'kuwoloka osacheuka mpaka kuzimiririka. Aphunzitsi anamenya dzanja pa bondo.

"Basi. Buku limatha choncho. Munthuyo amapita, sacheuka. Ndaliphunzitsa bukuli mpaka tsitsi kuyera, palibe tsamba limene kalipentala amacheuka. Filimu yakale inanama."

"Koma mtsikanayu wayamba kulira mwamunayo asanatsegule pakamwa," anatero akazi awo. "Akulira chani? Wawerenga kale bukulo?"

Kenako namwino anaika yakale. Inali yakuda ndi yoyera, yonjenjemera, ndipo pena nkhuku inkadutsa kumbuyo kwa anthu akulankhula zachisoni. Mawu ake ankathetheka ngati mafuta pa moto, makamaka chakumapeto. Aphunzitsi anamva liwu lawo la unyamata likutuluka m'kamwa mwa munthu wina, lakuya, losathamanga. Anaona nsagwada za Mlongoti, mapewa ake, tsitsi lake lopesa bwino. Ndipo anaona mtsikana uja akukweza nkhope.

Sanayang'ane kompyuta nthawi yaitali. Anayang'ana akazi awo. Amayiwo anali atagwira m'mphepete mwa tebulo, milomo ikuyenda pang'onopang'ono pamodzi ndi ya mtsikanayo.

"Koma amama munali moto," anatero namwino. "Ndipo a Kalipentalawa, liwu limeneli. Anzanga ku chipatala amati mwamuna atawalankhula choncho angasiye ntchito."

Mwanayo sankadziwa. Aphunzitsi anadzuka n'kutsegula makatani filimu isanathe.

Namwino atapita, amayi ankatsuka makapu, Aphunzitsi ataima pakhomo la khitchini ngati mlendo.

"Ndikufunseni chinthu chimodzi."

"Funsani."

"Pa mlatho paja. Mmene munkamuyang'anira muja. Anakuuzani kuti muyang'ane choncho, kapena zinangobwera?"

Amayi anatsuka kapu imodzi nthawi yaitali kuposa mmene inafunikira.

"Mufuna ndiname, abambo?"

"Ayi."

"Ndinali mtsikana. Iye anali wooneka bwino, ndipo dzuwa linali kumbuyo kwake. Palibe anandiuza."

Aphunzitsi anagwedeza mutu ngati mwana wawayankha bwino funso lovuta. Akanakonda bodza.

"Ndiye Loweruka mukanena kuti yabwino ndi yakale."

"Ndikanena zimene ndikaganize Loweruka. Inu mupita?"

"Ndili ndi tomato."

"Tomato amene mwamumiza uja? Musiyeni apume."

Loweruka amayi anavala diresi lawo labuluu limene linkatuluka pa zinthu zazikulu zokha. Anapempha Aphunzitsi kuti awatsekere zipi kumbuyo, ndipo iwo anatseka mosafulumira, ngati zipiyo ndi imene yalakwa. Atamva geti likutsekedwa, anayenda m'nyumba monse, kuchipinda, ku khitchini, kuseri. Kenako anavala jekete lawo labulauni n'kutsatira, akudziuza kuti akungopita kukaona ngati ana a masiku ano amalidziwa bukulo.

Holo inali yodzaza. Mawindo anali atatchingidwa ndi makatoni kuti mukhale mdima, ndipo munkanunkha thukuta ndi polishi wa pansi. Aphunzitsi anakhala pa benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pakati pa mayi wina wonenepa ndi tsache. Kutsogolo, pambali pa chinsalu choyera, anaikapo mipando iwiri. Pa umodzi panali diresi labuluu. Pa winawo panali Mlongoti.

Aphunzitsi ankayembekezera kuti ukalamba wamugwira. Unamugwiradi, koma mwaulemu. Tsitsi linali loyera lonse, msana uli chilili, ndodo yake yonyezimira. Amayi ena ankadzuka kukamugwira dzanja, iye n'kumangomwetulira ndi kuweramitsa mutu, osanena kanthu. Nthawi ina anaweramira kwa akazi a Aphunzitsi n'kuwanong'oneza china chake, ndipo amayiwo anaseka atagwira pakamwa. Aphunzitsi anayang'ana kumbali.

Yatsopano inayamba. Achinyamata ankaombera m'manja mtsikana wa khosi uja, akuluakulu ankang'ung'udza za nyimbo. Itatha, mayi wonenepa uja anatembenukira kwa Aphunzitsi.

"Yabwino, koma ilibe mchere. Dikirani mumve a Kalipentala enieni. Ine malemu amuna anga ndinkawauza kuti, inu mukanakhala ndi liwu ngati limenelo bwenzi ndikukuphikirani kawiri."

"Liwu si munthu," anatero Aphunzitsi.

"Nanga munthu n'chani, bambo?"

Yakale inayamba. Anthu anaseka nkhuku, anaseka kagwiridwe ka hamala, koma pang'ono ndi pang'ono holo inakhala bata. Mawu ankathetheka monga kunyumba kuja, ndipo mmene filimu inkayandikira pa mlatho, kuthethekako kunkakula. Kalipentala anaika bokosi lake la zida pansi. Anatembenukira kwa mtsikana. Anatsegula pakamwa, ndipo masipika anangoti zii.

Milomo inkayenda, mawu kulibe. Anthu anadandaula. Mayi wa ku laibulale anaimitsa filimu, anagwiragwira mawaya, anaibweza m'mbuyo pang'ono, koma pamalo omwewo mawu anafanso.

"Pepani, pamenepa tepi yakaleyo inawonongeka," anatero.

"Vuto lili pati?" anakuwa bambo wina pakati. "Mwini mawu si uyo wakhala apoyo? A Kalipentala, tatiuzeni ndinu."

Holo yonse inavomereza. Mayi wa ku laibulale, atasangalala kuti wapulumuka, anapereka chimkuzamawu kwa Mlongoti.

Aphunzitsi anakhala tsonga. Kwa zaka zambiri ankalota tsiku ngati limeneli, tsiku loti kamwana ka mbuzi kalire pamaso pa anthu. Koma poona munthuyo atagwira chimkuzamawucho, chimwemwecho chinakana kubwera bwinobwino.

Mlongoti anaimirira, yense mpaka mmwamba. Anayang'ana chimkuzamawu ngati mankhwala owawa.

"Abale anga," anatero.

Kaliwuko kanali komweko, kokalamba tsopano, kopyapyala ngati ulusi. Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunda.

"Sekani, palibe kanthu. Mkazi wanga nayenso anaseka tsiku loyamba, kenako analira. Anakwatiwa nane poganiza kuti liwu lija ndinalisiya kunyumba." Anthu anaseka momasuka tsopano. "Ndakhala moyo wanga wonse ndikugwedeza mutu m'misewu ngati wosalankhula, kuopa kukhumudwitsa anthu. Mawu amene mumawakondawo si anga. Ine ndinangobwereketsa milomo. Mwini wake ndinamuona akulowa mozemba. Ali kumbuyo uko, pafupi ndi tsache, wavala jekete ngati akupita kukapepesa maliro."

Mitu yonse inatembenuka. Mayi wonenepa uja anayang'ana Aphunzitsi kuyambira ku makutu mpaka ku nsapato.

"Inuyo?"

"Aphunzitsi, bwerani," anatero Mlongoti. "Munanditengera mawu, munanditengera mtsikana. Bwerani mudzamalize ntchito yanu."

Aphunzitsi sanadziwe mmene anafikira kutsogolo. Anangozindikira chimkuzamawu chili m'manja, chofunda ndi thukuta la munthu wina. Sanayang'ane diresi labuluu. Anapempha mayi wa ku laibulale kuti abweze filimuyo pamene kalipentala akuika bokosi pansi, ndipo anaima chammbali, phazi limodzi kutsogolo, monga ankaimira m'kachipinda ka mabulangete.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi: maso asachoke pa milomo. Ukangophethira, mawu amatsala m'mbuyo, munthu wa pa chinsalu n'kuoneka ngati akutafuna. Aphunzitsi anaiwala anthu, anaiwala holo. Anaona bokosi likufika pansi, phewa likutembenuka, mlomo wa m'munsi ukutsika pang'ono monga unkachitira Mlongoti akamakoka mpweya. Analowa pomwepo.

"Ndikawoloka mlathowu osacheuka, usati ndakuiwala. Mapazi okha ndi amene apita. Zina zonse ndazisiya kuno, uzisunge pouma."

Liwulo linali litakalamba, linali ndi mchenga pang'ono, koma linakwana m'milomo ija ngati phazi mu nsapato yake yakale. Milomo itatsekeka, iwonso anali atamaliza. Mtsikana wa pa chinsalu anayamba kuyankha mopanda mawu, ndipo kuchokera pa mpando wa kumanzere, popanda chimkuzamawu, liwu la akazi awo linamuyankhira.

"Pita. Koma ukafika pakati, uyende pang'onopang'ono."

Aphunzitsi sanatembenuke, chifukwa milomo ya kalipentala inali itayambanso kuyenda, ndipo panatsala mawu ena. Anawanena onse mpaka kumapeto. Kalipentala anawoloka, anafika tsidya, anacheuka. Filimu inatha.

Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Mayi wa ku laibulale anafunsa funso lake lija, kuti yabwino ndi iti. Mlongoti anati yatsopano, chifukwa mnyamata wa mmenemo akapita kumsika amatha kufunsa mtengo wa anyezi ndi pakamwa pake. Akazi a Aphunzitsi anati yatsopano inatsata buku, yakale inatsata anthu, ndipo iwo sanakwatiwe ndi buku. Aphunzitsi atafunsidwa anati kalipentala sayenera kucheuka, ndipo pamenepo sasintha.

Panja, dzuwa linawalasa m'maso. Amayi anazunguliridwa ndi azimayi anzawo, namwino ali pakati pawo akupukuta m'maso ndi kuloza bambo ake chala chowaopseza. Aphunzitsi anaima pansi pa mtengo. Mlongoti anabwera ndi ndodo yake n'kuima pambali pawo, mthunzi wake n'kuwaphimba.

"Mwaona mmene anakuyang'anirani?"

"Ndani?"

"Akazi anu. Nthawi yonse imene mumalankhula. Ine ndinali nawo pafupi, ndinaona. Maso a pa mlatho aja, ndiponso kuposa."

"Ine ndimayang'ana milomo yanu."

"Ndiye tsoka lanu limenelo," anatero Mlongoti. "Ine anandiyang'ana choncho kamodzi, kamera ili pamphuno, ndipo madzi ankasokosera moti sanamve n'chimodzi chomwe chimene ndinanena. Akanamva, bwenzi filimuyo ili yoseketsa." Anagogoda ndodo pansi. "Holo yonse yaona lero, kupatula inu."

Anapita osatsanzika, ndipo sanacheuke.

Pobwerera kunyumba, Aphunzitsi ndi akazi awo ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, limene mipando youma inalidzutsadi. Anadutsa sitolo ya zitsulo, anadutsa pokonzera njinga. Atafika pa ngodya ya msewu wawo, Aphunzitsi anakhosomola.

"Akuti munandiyang'ana."

"Akutero ndani?"

"Mlongoti."

"Mwayamba kukhulupirira Mlongoti tsopano?"

"Ndiye kuti ananama?"

"Sananame."

Anayenda pang'ono. Aphunzitsi anaima pakati pa njira, anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango, anawavalanso bwinobwino.

"Tandiyang'aneninso. Sindinaone."

Amayi anawayang'ana. Anali maso a masiku onse, amene amaona kolala yopindika ndi ndevu zosameta bwino.

"Maso si tochi, abambo, yoti n'kungoyatsa. Tiyeni, bondo likuwawa."

Anawagwira mkono n'kutsamira. Aphunzitsi anayenda nawo mpaka pa geti, akulimbana ndi loko amene ankavuta masiku onse.

"Ndiye kuti maso aja Mlongoti wawaona kawiri," anatero chapansipansi. "Ine olo kamodzi."

"Tsegulani geti."

"Ndipo ankakunong'onezani chani chija munaseka?"

"Ankafunsa ngati makutu anu anakula kapena mutu ndi umene unachepa."

Loko anatseguka. Amayi analowa, ndipo Aphunzitsi anatsalira kumbuyo, akuyesa chamumtima mawu a pa mlatho aja. Ankaganiza zodzawanenanso tsiku lina pa nthawi ya tiyi, mwadzidzidzi, magalasi ali kumaso, popanda milomo ya munthu wina yoti aziyang'ana.